Tsoka la Otilia Linkanunkha

Ku Bangula kukagwa maliro, anthu ankafunsa mafunso awiri. Loyamba lidali lakuti watisiya ndani. Lachiwiri lidali lakuti kodi Otilia wauzidwa. Sikuti Otilia adali nyakwawa kapena mkulu wa mpingo, ayi. Adali mayi wamfupi, wakuda bii, wa mapazi ong'aluka ngati wina aliyense woponda dothi lotentha la kuno, ndipo ntchito yake idali yokolopa ndi kutsuka zimbudzi pa resitihausi ina kuseri kwa msika. Koma akatsegula pakamwa kuyambitsa nyimbo, ngakhale anyamata a shapa ankatsika pa njinga zawo zonyamulira anthu n'kuvula zipewa.

Mawu amenewo ndiwo adali chuma chake chonse. Otilia adabadwira kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga. Mayi ake adamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake atalowera kale ku Mozambiki osatembenuka. Adamulera ndi mkulu wake, Jesinta, yemwe pa nthawiyo adali atangotha kumene msinkhu. Jesinta ankawamba milamba n'kumawoloka nayo pa bwato kudzagulitsa ku Bangula, mng'ono wake ali pambuyo ndi kadengu pamutu. Pa madzi Otilia ankanjenjemera ndi mantha a ng'ona, ndiye mkulu wakeyo ankamuuza kuti ayimbe. "Yimba iwe, ng'ona sigwira munthu woyimba," ankatero. Lidali bodza lamkunkhuniza, koma mwanayo adalikhulupirira ndipo ankayimba kuchoka pa doko lino mpaka pa doko linalo.

Jesinta mwini wake kuyimba kudamukana. Mawu ake adali ngati khasu likamakhula pa mwala. Koma nyimbo zinkamubwerera m'mutu zokha. Adapeka zambiri, zina zonyoza amuna aulesi, zina zodandaula nsomba zikasowa, ndipo zonsezo ankaziyika m'kamwa mwa Otilia. Imodzi yokha adakaniza kuti isayimbidwe pagulu. Inkayamba chonchi:

Wondiwolotsa wafika,
musandigwire nsalu.
Madzi ndi ambiri, bwato n'laling'ono,
katundu ndamusiya pa doko.

Liwu loyambalo, lakuti wondiwolotsa, Jesinta ankafuna likokedwe mpaka wopalasa aviike nkhafi kanayi, popanda kupumira pakati. "Imeneyi ndi yanga," adamuuza mng'ono wake. "Udzandiyimbire tsiku limene ndidzatuluke m'nyumba chogona. Usampatse munthu." Otilia ankayiyimba pochapa kuseri kwa nyumba, kotero anansi ankaudziwa mtengo wake wa nyimboyo, kukwera ndi kutsika kwake, koma ndime zake zonse ankazidziwa awiriwo basi.

Sukulu Otilia adalekezera sitandade 3, chaka chimene madzi adalowa m'makalasi. Atakula adakwatiwa ndi Symon, wodula nzimbe ku Nchalo, munthu wofatsa amene sadamukwezerepo dzanja. Adakhala zaka zisanu ndi ziwiri popanda mphatso ya mwana. Chaka chachisanu ndi chitatu Symon adanyamula chikwanje chake ndi wailesi n'kukayamba banja lina ku Ngabu. Otilia adabwerera kwa Jesinta, amene nayenso adali atasamukira ku Bangula mwamuna wake atamwalira.

Pamenepo m'pamene pakamwa pa anthu padayambira. Kuno munthu sangokhala ndi chinthu chabwino, ayenera kuti adachigula penapake. Adayamba kunong'onezana kuti Otilia adapita kwa sing'anga wa ku Mozambiki n'kusinthanitsa chiberekero ndi mawu. "Mawu amene aja si wamba, ndi a mankhwala," ankatero pa mjigo. Omwewo ndiwo ankathamangira kudzamuitana kwawo kukagwa zovuta. Otilia adazimva, adalira, kenako adauma mtima. Koma kuchokera nthawi imeneyo liwu lakuti mankhwala likatchulidwa pafupi naye, nkhope yake inkasintha. Ngakhale panado ankamutchula kuti mapiritsi.

M'gulu la amayi a mpingo mudali mnzake woyimba, Juliana, woyandikana naye nyumba, amene ankayambitsa nyimbo Otilia akachokapo. Juliana sadali munthu woipa. Adali ndi mawu abwino ndithu, kungoti adabadwa nthawi yolakwika, m'dera lolakwika. Jesinta sankamukonda, pa zifukwa za dengu la nsomba limene adakanganirana kalekale. Miyendo itayamba kumutupa ndipo kuchipatala atamuuza kuti mtima wake watopa, Jesinta adayiwonjezera nthabwala yake. "Iwe Otilia, tsiku langalo ndikadzangomva Juliana akuyambitsa nyimbo yanga, ndidzadzuka m'bokosimo ndidzakumenye mbama anthu akuona." Onse awiri ankaseka, koma Otilia ankadziwa kuti mkati mwa nthabwalayo muli pangano.

Resitihausi imene Otilia ankagwirako idali ya a Gilbert, amene kale adali kapitawo ku minda ya nzimbe. Ukapitawo sudawachoke m'magazi. Chaka cha namondwe Freddy, anthu a mabungwe atadzaza Bangula ndi magalimoto awo oyera, a Gilbert adaona mwayi. Adamanga msangamsanga zipinda zisanu ndi chimodzi zokhala ndi chimbudzi cha madzi m'kati. Zimbudzizo zidali zazing'ono moti munthu akatambasula manja ankagunda makoma onse awiri. Windo padalibe. Mmisiri adasiya kabowo ka njerwa imodzi pamwamba, koma mlendo wina atadandaula za udzudzu a Gilbert adatseka mabowo onsewo ndi simenti.

Madzi a pa chitsime chawo adali amchere, monga zilili m'malo ambiri kuno, ndipo sipadapite miyezi iwiri mitondo ya zimbudziyo idachita chikasu. A Gilbert adabwera ndi chigubu cha madzi abuluu kuchokera ku Limbe, amphamvu, osungunula chikasucho. Poopa kuti antchito angamawononge, ankawathira pang'onopang'ono m'mabotolo a zakumwa n'kumapereka limodzilimodzi. Zolembedwa zidatsala pa chigubu, chigubu chili m'sitolo, kiyi ali m'thumba mwa bwana. Ndipo ngakhale Otilia akadachiona chigubucho, zolembazo zidali m'Chingerezi cha tizilembo tating'ono.

Nthawi yomweyo kudali kolera. Alangizi a zaumoyo adayenda m'malo onse ogona ndi odyera kusiya klorini, n'kuphunzitsa kasungunulidwe kake: wothira m'madzi akumwa, wosambira m'manja, wokolopera pansi. Adalankhula ndi a Gilbert pa khonde. Otilia adali kuseri akuyanika nsalu zofunda, ndipo chimene adalandira iye ndi chidebe ndi mawu awiri akuti muzithira uyu.

A Gilbert ankayendera ntchito ndi mphuno. M'mawa uliwonse cha m'ma 10 ankalowa chipinda ndi chipinda manja ali kumbuyo, n'kusuzumira m'chimbudzi, n'kununkhiza. Maso sankawakhulupirira. "Chimbudzi choyera chimaluma m'mphuno," ankatero. Akapanda kulumidwa ankaitana. "Mayi Otilia, muno mwangodutsamo. Bwerezani."

Tsiku lina Otilia adachedwa, atachokera koperekeza Jesinta ku sikelo yake ya mtima. Pofuna kuthamangitsa ntchito adathira madzi abuluu aja mu mtondo, ndipo asadatsukuluze adakhuthuliramo klorini pamwamba. Mudachita thovu, mudalira kuti tsss. Kenako china chake chidamugwira pakhosi. Maso adatuluka misozi, mphuno idayaka, adatsokomola mpaka kugwira khoma. Adathawira panja. Atabwerera adapeza mtondo uli mbee, woyera kuposa tsiku limene udagulidwa.

A Gilbert atafika adangosuzumira n'kuyetsemula kawiri. Adatulutsa kampango, adapukuta m'maso, ndipo adamwetulira. "Eyaa! Iyi ndiye ntchito. Mwaona kuti mukafuna mumatha?" Pa zaka zinayi zimene Otilia adagwira pamalopo, aka kadali koyamba kuyamikiridwa. Adapita kunyumba mtima uli m'malo, ndipo adamusimbira Jesinta ngati wapambana mayeso.

Amati tsoka silinunkha. La Otilia linkanunkha, linkamveka munthu ali pakhomo, ndipo abwana ankalikonda fungo lake. Iye mwini sadaone cholakwika. Kuyambira ali mwana adaphunzira kuti chowawa ndicho chimachiza. Jakisoni wabwino ndi wopweteka, piritsi la malungo lenileni ndi lowawa. Ndiye ngati zinthu ziwirizi zikamuluma iye munthu wamkulu, kuli bwanji tizilombo ta kolera? Adayamba kusakaniza m'mawa uliwonse, m'zimbudzi zonse zisanu ndi chimodzi. Ankatsekanso chitseko, chifukwa mayi wa ulemu wake sawerama pa mtondo wa chimbudzi alendo aamuna akudutsa, komanso ankati mphamvuyo isathawe abwana asadafike. Amene adakhalapo ku Bangula mwezi wa Okutobala, pansi pa malata, akudziwa mmene muzikhalira m'kachipinda kotero.

Chifuwa chidayamba ngati cha fumbi. Kenako mawu ankadzuka osasa, n'kumadzatseguka masana. Kenako m'chifuwa mudalowa kamluzu, kakang'ono, komveka akakwera chitunda cha ku msika. Otilia ankamwa madzi otentha a mandimu n'kumati chidzatha mvula ikagwa. Mvula idagwa, chifuwa chidakhala.

Woyamba kuzindikira adali Jesinta. Pa maliro a mphunzitsi wina wopuma, Otilia adadula pakati liwu limene nthawi zonse ankalikoka limodzi. Anthu ambiri sadamve kanthu. Jesinta, amene adakhala pa mkeka miyendo yotupa atayiwongola, adatukula mutu. Pobwerera kunyumba sadazengereze.

"Wapumira pakati."

"Ndi fumbi, achemwali."

"Fumbi layamba lero ku Bangula? Mawa upite kuchipatala. Ine ndikufuna mawu amenewo, ndili nawo ntchito."

Kuchipatala chaching'ono kudali mzere wofika pa mtengo wa nimu. Otilia adalowa dzuwa litapendeka. Dokotala adali wachinyamata, wochokera kumtunda, thukuta lili kamukamu, ndipo adali ataona kale anthu osawerengeka. Adamumvetsera m'chifuwa kutsogolo ndi kumbuyo, adakwinya nkhope, ndipo adafunsa funso loyenera.

"Amayi, pali mankhwala ena alionse amene mumagwiritsa ntchito? Kunyumba kapena kwina?"

Otilia adamva kutentha kumaso. Mpaka kuno? Nkhani ya pa mjigo ija yafika mpaka m'chipinda cha dokotala? Adakoka nsalu yake n'kukhala tsonga.

"Nkhabe! Ine ndine wa mpingo, adokotala. Mankhwala sindigwira, sindidagwirepo, ndipo amene adakuuzaniyo akakuuzeninso bwino."

Dokotalayo adadabwa, adaseka pang'ono, adapepesa. Adafunsa ngati amasuta, adati ayi. Adafunsa za utsi, ndipo Otilia adavomera kuti adakulira pa utsi wowamba nsomba. Dokotala adagwedeza mutu ngati wapeza chimene ankafuna. Adayeza makhololo, chifuwa chachikulu sichidapezeke. Adati ndi mphumu, adamupatsa kampope kopopera m'kamwa, n'kumuuza kuti azitalikira utsi. Amati safunsa adadya phula. Apa wofunsa adafunsa, woyankha adayankha zoona zokhazokha, koma phula lidadyedwabe. Otilia adasiya kuyandikira moto wa nsomba, ndipo m'mawa mwake adadzitsekera m'chimbudzi choyamba ndi mabotolo ake awiri.

Idapita miyezi ina isanu ndi itatu. Mawu adayamba kuthawa pakati pa nyimbo, ngati chingwe cha chidebe chikaduka chidebe chili m'chitsime. Juliana ankayitola nyimboyo kuti isagwe pansi. Adayitola kamodzi, kawiri, kenako anthu adazolowera kuyang'ana kwa iye. Pa mjigo nkhani idatembenuka. Amene ankati Otilia adagula mawu ndi mankhwala adayamba kunena kuti amuchita mankhwala, ndipo pomutchula wochitayo ankaloza ndi milomo ku nyumba ya Juliana.

Juliana adabwera yekha masana ena, maso ali psuu. Adagwada pa khonde pamaso pa Jesinta ndi Otilia. "Ine ndalakwa chiyani? Ndizingoyang'ana nyimbo ikufa? Ngati ndidapondapo kwa sing'anga chifukwa cha inu, mphenzi indipeze." Otilia adamudzutsa n'kumuuza kuti alibe naye chifukwa. Adanena ndi pakamwa. Mumtima mudatsala kachikayiko, ndipo adachita nako manyazi, chifukwa ankadziwa bwino kuwawa kwa kunamiziridwa. Jesinta adangoyang'ana kumbali.

Zidadzaululika mwezi wa Novembala. Ku Bangula kudali msonkhano wa anthu a zaumoyo ndipo zipinda zonse zidadzaza. A Gilbert adalamula kuti zimbudzi ziwale kuposa masiku onse. Otilia adawonjezera muyezo, kuno kawiri, uko kawiri. M'chimbudzi chachinayi thovu lidakwera mpaka m'milomo ya mtondo. Adafuna kutsegula chitseko koma manja adalefuka, mpweya udakana kulowa, ndipo adagwa chogwada mutu utatsamira khoma.

Mwini chipindacho adali namwino, dzina lake Anita, amene adabwerera kudzatenga foni imene adayiwala. Adamva kamluzu kuseri kwa chitseko. Atakankha, fungo lidamubweza m'mbuyo. Adatseka mphuno ndi mpango, adamugwira Otilia m'khwapa n'kumukokera pabwalo, akukuwa kuti abweretse galimoto. Asadanyamuke adabwereranso n'kutola mabotolo awiri aja.

Otilia adagona masiku asanu ndi anayi ku chipatala cha ku boma, atatu oyambawo ali ndi chopumira kumaso. Tsiku lachisanu Anita adabwera kudzamuona, ndipo adakhala m'mphepete mwa bedi.

"Amayi, zinthu ziwiri zija mwakhala mukuziphatikiza nthawi yaitali bwanji?"

Otilia adayankha monong'ona, chifukwa ndi mawu okhawo amene adali nawo. "Chaka ndi miyezi."

Anita adagwira pakamwa. Kenako adafotokoza pang'onopang'ono. Adati klorini payekha ndi wothandiza, abuluuwo paokha amagwira ntchito yawo, koma zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni umene umawotcha pakhosi ndi m'mapapo. Kuluma kumene abwana ankakukonda kudali kupsa kwa mnofu. Adati klorini sasakaniza ndi china chilichonse kupatula madzi, ndipo potsuka chitseko chimayenera kukhala chotsegula.

"Koma m'buku mwanu alemba kuti mudapita kuchipatala miyezi yapitayo," adatero akutsegula kabuku ka odwala. "Sadakufunseni ngati mumagwira mankhwala?"

"Adafunsa."

"Ndiye?"

"Ndimayesa akunena a kwa asing'anga."

Anita adatseka kabukuko. "Nanga aja a m'chimbudzi, abwana anu amawatchula kuti chiyani?"

Otilia adakumbukira. Liwulo ankalimva m'mawa uliwonse. Tengani mankhwala, mayi Otilia. Mankhwala atha kale? Lidali liwu lomwelo, koma m'mutu mwake adali atalipatsa nyumba ina, kutali ndi lija la pa mjigo. Adatembenukira ku khoma ndipo misozi idayenderera mpaka m'khutu. Zaka zonsezi adakana kuti mawu ake si a mankhwala, ndipo adanena zoona. Tsopano anthu ankati mankhwala ndiwo amulanda mawu, ndipo iwonso ankanena zoona. Kungoti wosakanizayo sadali Juliana.

"Adzabwerera?" adanong'ona.

"Kupuma tiyesetsa, kudzakhalako bwino mukasiyana nazo. Za kuyimba sindikulonjezani, amayi. Pakhosi papsa nthawi yaitali."

A Gilbert adabwera ndi paketi ya shuga ndi mabanzi. Adaima kumiyendo kwa bedi chipewa chili m'manja, ndipo zidaoneka kuti zawakhudza. Koma asadatuluke adaonetsetsa kuti anena chimene adadzera. "Paja ine sindidakutumeni kuti muzisakaniza, eti mayi?" Otilia adagwedeza mutu. Sadamutume ndithu. Sabata yomweyo a Gilbert adagumula simenti pa mabowo aja n'kulemba mayi wina. Ndamva kuti mpaka lero amayenderabe ndi mphuno, ndipo amadandaula kuti zimbudzi sizikuyera ngati nthawi ya Otilia.

Atatuluka m'chipatala sadabwererenso ku ntchito. Ankakhala pakhomo kusamala Jesinta, amene tsopano kutupa kudafika m'mimba. Adapita kwa Juliana kukapepesa, ngakhale Juliana sadadziwe chimene akupepesacho. Adayesanso kuuza amayi pa mjigo kuti asamaphatikize zotsukira, koma mawu onong'ona samveka pamene zidebe zikugundana. Ena adamvera. Ena adati akubisa, wachita manyazi kuvomera kuti adamulodza.

Masana aliwonse Jesinta akagona, Otilia ankapita kuseri kwa nyumba, pamalo pochapira paja. Ankapopera kampope kake kawiri, ankadikira, n'kuyesa. Wondiwolo... Pamenepo kamluzu kankalowerera, chifuwa n'kutsatira. Nkhafi zinayi zija zidasanduka imodzi, ndipo imodziyo idali yosasa ngati ya tambala wachimfine. Ankapukuta m'maso n'kubwerera m'nyumba akumwetulira.

Makoma a nyumbayo adali opyapyala. Tsiku lina atalowa adapeza Jesinta ali maso.

"Ndakumva."

"Akubwera pang'onopang'ono, achemwali. Dzulo ndidafika patali."

"Usandinamize, ndidakulera ndine." Jesinta adapuma kaye, chifukwa nayenso mpweya udali wogula. "Zija ndinkanena zija ndi zocheza. Ukadzalephera usadzadzikakamize. Akufa samva."

"Ndidzayimba."

"Iwe, ndati akufa samva."

"Ndidzayimba, achemwali. Mudandiwolotsa kangati inu?"

Jesinta adatambasula dzanja lotupa n'kumugwira mng'ono wake pakhosi, mofatsa, pamene pankatuluka mawu paja. Adaligwira nthawi yaitali.

Jesinta adamwalira mu Febuluwale, Lachiwiri m'mawa, mvula ikuwaza. Anthu adabwera ambiri, a ku msika wa nsomba, a kutsidya, a mpingo. Nyimbo zonse za pa siwa adatsogolera Juliana, Otilia atakhala pafupi ndi mutu wa bokosi osatsegula pakamwa. Ankasunga mpweya. Amayi onse ankadziwa za pangano lija, chifukwa Jesinta adalilengeza kwa aliyense amene adagulapo mlamba wake.

Tsiku loyika, mwambo wa m'nyumba utatha, adzukulu adalowa n'kunyamula bokosi. Kuno bokosi likamatuluka pakhomo amayi amayamba akhala chete, kudikira woyambitsa, ndipo onyamula sasuntha mpaka nyimbo itamveka. Adaima pa khonde. Bwalo lonse lidati zii. Maso onse adali pa Otilia.

Adaimirira. Adatembenukira kumbali, adapopera kampope kawiri pansi pa nsalu. Adakoka mpweya wonse umene mapapo ake adalola, adatukula mutu monga ankachitira kale, ndipo adatsegula pakamwa.

"Wondi..."

Kamluzu kadamveka mpaka kwa amuna amene adakhala pansi pa mtengo. Chifuwa chidamupinda pakati. Adatsokomola, adagwira nsanamira ya khonde, adayesanso. Ulendo wachiwiri sipadatuluke ngakhale chidutswa. Adzukulu adayang'anana, bokosi likuwalemera m'manja. Palibe mayi amene adalimba mtima kuyambitsa ina. Kumbuyo wina adayamba kusisima, ndipo sankalira Jesinta.

Otilia adayang'ana bokosi, adayang'ana gulu la amayi. Juliana adali pa mzere wachiwiri, mutu uli pansi, akufuna nthaka itamumeza. Otilia adatsika pa khonde, adadutsa pakati pa amayiwo, ndipo adamugwira dzanja. Juliana adakana ndi mutu. Otilia adamukoka mpaka pafupi ndi bokosi, adayika milomo pa khutu lake, n'kunong'ona mzere woyamba.

Juliana ankaudziwa mtengo wa nyimboyo, adaumva zaka zambiri kudzera pa mpanda. Adayamba monjenjemera, kenako mawu adakhazikika. Liwu loyamba lija adalikoka nkhafi zitatu, yachinayi sadafike. Otilia adanong'ona mzere wachiwiri, Juliana adauponya kwa anthu, musandigwire nsalu, ndipo amayi adaulandira. Adzukulu adasuntha. Adayenda choncho njira yonse, Otilia atakolowekera mkono wake m'khosi mwa Juliana, akumupatsa mzere ndi mzere nyimbo imene adauzidwa kuti asampatse munthu. Pofika pa mtengo wa malambe wa pa mphambano anthu onse adali atayidziwa, ndipo sidalinso ya awiri.

Anthu amene adalipo amati idali nyimbo yokoma, ndipo masiku ano imayimbidwa pa maliro ambiri kuno, woyambitsa ali Juliana. Otilia sadayimve bwino tsiku limenelo. Pakati pa mzere ndi mzere maso ake sadachoke pa bokosi limene linkayenda patsogolo pake pa mapewa a adzukulu. Achemwali ake adalonjeza kuti akadzangomva Juliana adzadzuka, adzamumenye mbama anthu akuona. Adadikira mbamayo kuchokera pakhomo mpaka ku manda, tsaya atalikonza, koma chivundikiro sichidagwedezeke.